Kunena Pang'ono ndi Kunena Zonse: Mbiri ya Kalembedwe ka Ernest Hemingway ndi William Faulkner

M'mwezi wa Epulo caka ca 1947, William Faulkner anaitanidwa kukaceza ndi ophunzira a Cingelezi pa University of Mississippi, m'tauni ya kwao ya Oxford. Wophunzira wina anam'pempha kuti andandalike olemba nthano zazitali a m'badwo wake, kuyambira wopambana. Iye anaika Thomas Wolfe patsogolo, nadziika yekha pa malo aciwiri, John Dos Passos pa acitatu, Ernest Hemingway pa acinai, ndipo John Steinbeck pothera. Cifukwa cimene anapereka pa Hemingway ndico cinautsa mapiri pacigwa. Anati munthuyo analibe kulimba mtima, ndipo sanalembepo liu lomwe lingacititse wowerenga kukatsegula dikishonale. Mauwa anafika m'nyuzipepala, ndipo Hemingway, amene pa nthawiyo ankakhala ku Cuba, anawamva ngati akum'nena kuti ndi wamantha. Anapempha bwenzi lake, Jenerali Charles Lanham, kuti alembere Faulkner kalata yocitira umboni za kulimba mtima kwake pa nkhondo ya ku Europe mu 1944. Faulkner anapepesa, nafotokoza kuti iye ankakamba za kulimba mtima kwa papepala, osati kwa pamaso pa mfuti.

Mkangano umenewu wakhala ukusimbidwa m'makalasi kwa zaka zambiri, ndipo kawiri-kawiri umatengedwa ngati nthabwala cabe: uyu anali wa ziganizo zazifupi, uyo wa ziganizo zazitali, nkhani yathera pomwepo. Ife tiona kuti kufotokoza kotere kumasoceretsa, maka-maka pamene mphunzitsi wa cinenero akusandutsa lamulo lakuti ciganizo cacifupi ndico comveka ndipo cacitali ndico cosokoneza. M'nkhani ino tifuna kulondola kumene kalembedwe ka anthu awiriwa kanacokera, ndi kuonetsa kuti kusiyana kwao kweni-kweni kwagona pa mafunso ena akuya: kodi wosimba nkhani ali ndi ufulu woulula ciani, nanga zakale zili ndi malo otani m'kati mwa ciganizo conena za lero?

Kumene anacokera

Tisanakambe za kusiyana kwao, tiyambe taona kuti anthuwa anamwa pa citsime cimodzi. Faulkner anabadwa mu 1897 ku New Albany, m'cigawo ca Mississippi. Hemingway anabadwa mu 1899 ku Oak Park, pafupi ndi mzinda wa Chicago. Palibe mwa iwo amene anatenga digiri. Hemingway sanapondeko ku yunivesite, ndipo Faulkner, amene sanamalize n'komwe sekondale, analowako kwa kanthawi nalekera panjira. Onse anakulira pa Baibulo la Cingelezi la King James la 1611, ndipo mitu ya mabuku ao icitira umboni: mutu wa The Sun Also Rises ucokera m'buku la Mlaliki, pamene wa Absalom, Absalom! ucokera pa kulira kwa Davide polira mwana wake m'buku laciwiri la Samueli. Koposa zonse, onse awiri anagwiridwa dzanja ndi munthu mmodzi, Sherwood Anderson, mlembi wa Winesburg, Ohio (1919). Anderson ndiye analangiza Hemingway kupita ku Paris mu 1921, nam'lembera makalata om'dziwikitsa kwa Gertrude Stein ndi Ezra Pound. Anderson yemweyo anaceza ndi Faulkner ku New Orleans mu 1925, nam'thandiza kupeza wosindikiza nthano yake yoyamba, Soldiers' Pay (1926), nam'uzanso kuti aleke kuyang'ana kutali, alembe za kadera ka kwao. Ndipo m'caka ca 1926 onse awiri anam'bwezera coipa pa cabwino: Hemingway anatulutsa The Torrents of Spring, buku lonyoza kalembedwe ka Anderson poyera, pamene Faulkner anam'tsanzira monyogodola m'mau oyamba a kabuku ka zithunzi kotuluka ku New Orleans.

Sukulu ya Hemingway inali nyuzipepala. Atangomaliza sekondale mu 1917 analembedwa nchito pa Kansas City Star, kumene anakhala pafupi-fupi theka la caka. Nyuzipepalayi inali ndi pepala la malamulo 110 a kalembedwe, ndipo oyambirira ake ankalamula mtolankhani kulemba ziganizo zazifupi, kufupikitsa ndime yoyamba ndi kusankha mau amphamvu. Pambuyo pake, ali mtolankhani wa Toronto Star ku Europe, anaphunziranso kutumiza nkhani pa telegalafu, pomwe liu lililonse linali ndi mtengo wake. Munthu wolipira liu ndi liu sacedwa kudziwa kuti ndi liti lingacoke nkhani osagwa.

Koma nyuzipepala payokha sikwanira kufotokoza zonse, popeza atolankhani ambiri-mbiri anatsata malamulo omwewo osalemba buku ngati A Farewell to Arms. Cina cinali nkhondo. Mu 1918 Hemingway anapita ku Italy monga woyendetsa galimoto yonyamula ovulala ya bungwe la Red Cross, ndipo pa 8 Julayi, asanakwanitse zaka 19, anavulazidwa koopsa ndi bomba ku Fossalta, m'mbali mwa mtsinje wa Piave. M'badwo wake unatumizidwa kukafa ndi mau akulu-akulu a atsogoleri ndi a m'nyuzipepala. N'cifukwa cake Frederic Henry, wosimba nkhani m'bukuli, afika ponena kuti mau onga ulemerero ndi kudzipereka nsembe anayamba kum'cititsa manyazi, ndipo otsala ndi ulemu wao anali maina a midzi ndi mitsinje, manambala a misewu ndi masiku. Apa tiona kuti kusankha dzina la cinthu cogwirika m'malo mwa dzina la cinthu cosagwirika sikunali kwa galamala cabe. Kunali kukana kunamizidwa kaciwiri. Zimene Paris anaonjezapo zinali zida: kwa Stein anaphunzira mphamvu ya kubwereza liu lomwelo, kwa Pound anaphunzira kukayikira mfotokozi aliyense.

Sukulu ya Faulkner inali khonde ndi bwalo la khoti. Anakulira pakati pa anthu amene anagonja pa nkhondo yapaciweni-weni ya 1861 mpaka 1865, ndipo kugonjako kunali kusanathe m'kamwa mwao. Tauni ya Oxford inatenthedwa ndi asilikali a kumpoto mu 1864, ndipo Faulkner ali mwana okalamba amene anaona motowo anali akali moyo, akusimba zomwezo mobwereza-bwereza, aliyense monga anazionera. Agogo a atate wake, William Clark Falkner, anatsogolera asilikali a kum'mwera, anamanga njanji, analemba buku lochuka la The White Rose of Memphis (1881), naphedwa ndi mfuti mu 1889 ndi munthu amene kale ankacita naye malonda. M'nyumba munali Caroline Barr, mai wakuda wobadwira mu ukapolo, amene analera Faulkner ndi abale ake namawasimbira za masiku amenewo. Anamwalira mu 1940, ndipo buku la Go Down, Moses (1942) linaperekedwa m'dzina lake. Nkhondo ya 1918 Faulkner sanaione. Analowa gulu la ndege za nkhondo la Britain ku Toronto, koma nkhondo inatha akali pa maphunziro, ngakhale kuti anabwerera kwao akutsimphina ndi kusimba za ngozi zomwe sizinacitike. Tinganene kuti Hemingway anaona nkhondo ndi maso nataya cikhulupiriro mwa mau, pamene Faulkner analandira nkhondo ya makolo ake yonse kudzera m'mau a anthu otsutsana. Tisaiwalenso kuti buku lake loyamba, The Marble Faun (1924), linali la ndakatulo, ndipo atakalamba ankadzicha mlakatuli wolephera. Cizolowezi cake coundika afotokozi atatu kapena anai patsogolo pa dzina limodzi cinayambira kumeneko.

Njira ziwirizi zinaonekera poyera m'caka cimodzi. Pa 27 Sepitembala 1929 kampani ya Scribner's inatulutsa A Farewell to Arms, makope oposa 30,000 pa kusindikiza koyamba. Patangopita masiku 10, pa 7 Okutobala, inatuluka The Sound and the Fury, makope osakwana 2,000. Hemingway anali ndi mkonzi wochuka, Maxwell Perkins, ndi owerenga omudikira. Faulkner anali atakanidwa buku la Flags in the Dust mu 1927, ndipo iye mwini anati pambuyo pa kukanidwako anatseka citseko pakati pa iye ndi osindikiza, nayamba kulemba zodzikondweretsa yekha. Kumapeto kwa caka ca 1929 comweco ankagwira nchito ya usiku pa nyumba ya magetsi ya yunivesite, ndipo kumeneko analemba As I Lay Dying m'milungu pafupi-fupi 6. Sitinganene kuti umphawi ndiwo unabala kalembedwe kake, koma munthu amene sayembekeza kuwerengedwa ndi khamu sakhala ndi cifukwa cocepetsera khamulo nchito.

Zimene kuwerenga mau kutiuza

Tiyeni tsopano tiyese ciphunzitso ca m'kalasi cija. Mu 1998 mlembi Joan Didion anawerenga mau a m'ndime yoyamba ya A Farewell to Arms, ndime yofotokoza nyumba ya m'mudzi woyang'ana mtsinje ndi mapiri, asilikali akudutsa pamsewu, ndi fumbi likukuta masamba a mitengo. Anapeza kuti ndimeyi ili ndi mau 126 m'ziganizo zinai zokha. Tikagawa, ciganizo ciliconse cikhala ndi mau oposa 30, ndipo cimeneco si ciganizo cacifupi m'cinenero ciliconse. Cacifupi ndi liu: mwa mau 126 aja, 103 ndi a phatikizo limodzi, 22 a maphatikizo awiri, ndipo limodzi lokha ndilo la atatu. Mlumikizi wofanana ndi "ndi" wathuyu apezekamo nthawi 15. Cinsinsi ca Hemingway tsono ndi ici: amalumikiza nthambi zoima pazokha, ina pambuyo pa inzake, monga mikanda pa ulusi, osaika ina pansi pa inzake. Alumikizi osonyeza cifukwa kapena colinga amawapewa. Amatiuza kuti asilikali anadutsa ndi kuti masamba anagwa msanga caka cimeneco, koma satiuza kuti ziwirizi zikhudzana motani. Nchito yolumikiza imasiyidwa m'manja mwa wowerenga.

Kwa ife ophunzitsa Cinyanja pali cenjezo pano. Muyezo wowerenga mau ndi maphatikizo unapangidwira Cingelezi, ndipo sungasamutsidwe wamphumphu. Liu lathu limodzi lakuti "sindinakamuonenso" lisenza zimene Cingelezi cinganene ndi mau 8, ndipo mau a phatikizo limodzi ngosowa kwambiri kwa ife. Womasulira Hemingway amene angalimbane ndi kufupikitsa mau adzangodzivutitsa. Cimene cingaoloke bwino ndi kulumikiza kuja, pakuti mneni wathu ali nayo kale njira yondondomeza zocitika popanda kufotokoza cifukwa, monga tikati munthu anafika, nakhala pansi, nadya, nacoka.

Ciganizo ca Faulkner cimayenda njira ina. M'buku la Absalom, Absalom! (1936) muli ciganizo ca mau 1,288, cimene buku la Guinness la 1983 linacichula kuti ndico cacitali koposa m'mabuku a nthano. Koma kutalika pakokha sikutiuza kanthu. Funso ndi lakuti cimatalika bwanji. Yankho lothandiza linacokera kwa Richard Ohmann, amene mu 1964, m'magazini ya Word, anagwiritsa nchito galamala ya Noam Chomsky ya nthawi imeneyo poyesa kalembedwe. Anatenga ndime ya m'nthano ya Faulkner ya "The Bear", namasula masinthidwe atatu okha: wopanga nthambi zofotokoza dzina, wolumikiza, ndi woyerekeza. Zotsala zinali tiziganizo tating'ono tobwereza-bwereza, ndipo fungo la Faulkner linatheratu. Atayesa ndime ya Hemingway ya m'nthano ya "Soldier's Home", anapeza kuti kumeneko masinthidwe ofunika anali ena, aja osandutsa maganizo a munthu kukhala mau a wosimba nkhani popanda kunena kuti munthuyo anaganiza. Galamala imene Ohmann anatsamira inasinthidwa kwambiri m'zaka zotsatira, koma zimene anaona sizinagwe: mlembi amadziwika ndi njira zocepa zimene amazisankha kawiri-kawiri mwa zambiri zimene cinenero cimalola.

Nanga n'cifukwa ciani Faulkner anasankha nthambi yofotokoza dzina? Cifukwa nthambi imeneyi ndiyo khomo lolowera zakale. Akachula munthu, nthawi yomweyo amatsegula nthambi yonena za atate a munthuyo, m'kati mwake ina yonena za munda umene anagula, m'kati mwa imeneyo ina yonena za akapolo amene anaulima, ndipo mneni wamkulu amadikira mpaka mibadwo itatu italowa. Amakondanso kuyamba ndi kukana: sicinali ici, sicinalinso ico, koma cakuti. Polembera Malcolm Cowley mu 1944, ananena kuti colinga cake cinali kuika zonse m'ciganizo cimodzi, pakati pa cilembo cacikulu cimodzi ndi mpumiro umodzi. Jean-Paul Sartre, polemba za The Sound and the Fury mu 1939, anayerekeza anthu a Faulkner ndi munthu wokhala m'galimoto yothamanga atafulatira kumene ikupita: zinthu zimaoneka bwino pokha-pokha zitadutsa kale.

Kubisa kwa mitundu iwiri

Cimene ambiri saciona n'cakuti onse awiri ndi olemba obisa. M'buku la Death in the Afternoon (1932) Hemingway anayerekeza nthano ndi phiri la madzi oundana loyandama panyanja, limene gawo limodzi lokha mwa magawo 8 ndilo lioneka pamwamba. Anati mlembi angathe kusiya cinthu cimene acidziwa bwino, ndipo wowerenga adzacimva ngati kuti calembedwa. Citsanzo coonekeratu ndi "Hills Like White Elephants" (1927). Mwamuna wa ku America ndi mtsikana akudikira sitima pa siteshoni ya m'cigwa ca Ebro ku Spain, akumwa mowa ndi kukambirana. Nthano yonse pafupi-fupi ndi makambirano okha. Nkhani yao ndi ya kucotsa mimba, koma mau amenewo sachulidwa ngakhale kamodzi, ndipo wosimba satiuza zili m'mtima mwa aliyense. Timaziwerenga pa kubwereza kwa mwamunayo kuti sakum'kakamiza, kubwereza kumene kumasanduka kukakamiza komweko. Mu "Big Two-Hearted River" (1925), Nick Adams amanga hema, aphika, awedza nsomba, ndipo kacitidwe kalikonse kafotokozedwa mosamala ngati ka munthu woopa kuti akangoleka kugwira nchito maganizo am'gwira. Nthanoyi ndi ya munthu wocokera ku nkhondo, koma nkhondoyo sichulidwa.

Faulkner amabisa pocurukitsa. Absalom, Absalom! ndi nkhani ya Thomas Sutpen, amene afika ku Jefferson mu 1833, natenga malo akulu kwa Amwenye a mtundu wa Chickasaw, namanga nyumba ndi manja a akapolo. Mu 1865 mwana wake Henry apha Charles Bon pa cipata ca nyumbayo, Bon ali pafupi kukwatira mlongo wa Henry. Zimenezi timazidziwa kuyambira kuciyambi kwa buku. Cosadziwika ndi cifukwa cake, ndipo cimafunidwa ndi anthu anai: Rosa Coldfield, wosimba ndi mkwiyo wa zaka zoposa 40; atate a Quentin Compson, osimba zimene anamva kwa atate ao; ndi Quentin mwini pamodzi ndi mnzake wa ku Canada, Shreve, amene akhala m'cipinda cozizira ku Harvard mu 1910 akulumikiza zidutswa ndi kupeka pomwe zasoweka. Yankho lifika kumapeto kweni-kweni: Bon anali mwana wa Sutpen yemweyo, ndipo cimene Henry analephera kupirira sicinali cibale ca magazi koma kuti Bon anali ndi magazi a munthu wakuda. Conrad Aiken anazindikira mu 1939 kuti kucedwetsa tanthauzo kotere n'kwadala. Ife tionjeza kuti n'kogwirizana ndi mutu wa bukulo. Ziganizo zimazungulira cifukwa anthu ake akuzungulira cinthu cimene dziko lao lonse silifuna kucichula.

Apa m'pamene ciphunzitso ca ziganizo zazitali cigwera pansi kotheratu. Gawo loyamba la The Sound and the Fury lisimbidwa ndi Benjy, munthu wa zaka 33 amene nzeru zake ndi za kamwana, ndipo ziganizo zake n'zazifupi kuposa za Hemingway. Benjy aonerera anthu osewera gofu kudzera mumpanda, koma sachula gofu, sachulanso mpira. Geoffrey Leech ndi Mick Short, m'buku lao la Style in Fiction (1981), anaonetsa kuti Benjy amagwiritsa nchito aneni ofuna pamtherankhani popanda pamtherankhaniyo, monga munthu angangoti "anamenya" osanena comenyedwa, cifukwa iye saona mgwirizano pakati pa kacitidwe ndi zotsatira zake. Osewerawo akaitana mnyamata wonyamula ndodo zao, liulo limveka ngati dzina la mlongo wake Caddy, ndipo pomwepo nkhani ilumphira zaka zambiri m'mbuyo popanda cenjezo lina koma zilembo zopendekeka. Faulkner anafuna kuti nthawi zosiyana-siyanazi zisindikizidwe ndi inki ya mitundu yosiyana. Zimenezi zinatheka mu 2012, pamene Folio Society inatulutsa bukuli ndi mitundu 14. Gawo laciwiri, la Quentin, limafika potaya zizindikiro za m'kalembedwe. Lacitatu, la Jason, ndi kulalata kwa munthu wa m'sitolo. As I Lay Dying ili ndi mitu 59 yosimbidwa ndi anthu 15, ndipo mutu wina uli ndi mau asanu okha. Tsono Faulkner analibe kalembedwe kamodzi. Anali nako kambiri, kalikonse kosokedwa molingana ndi mutu wa wosimba. Hemingway anali ndi kamodzi, nakanola moyo wake wonse.

Izi ndizo Faulkner ankatanthauza pa nkhani ya kulimba mtima, ndipo ife tiganiza kuti ananena zoona mbali imodzi yokha. N'zoona kuti Hemingway sanacoke kawiri-kawiri pa njira imene anaidziwa. Koma njirayo inali ndi ngozi yake-yake: ukacotsa cinthu cimodzi coposa muyezo, pansi pa madzi sipatsala kanthu. Iye mwini anauza wom'funsa mu 1958 kuti mathero a A Farewell to Arms anawalemba nthawi 39, ndipo kope lotuluka mu 2012 linasonkhanitsa mathero 47 opezeka m'mapepala ake. Ameneyo si munthu woyenda pa njira yosalala. Ndipo onse awiri, atakula, anagwa m'mbuna imodzi ya kudzitsanzira okha: Across the River and Into the Trees (1950) ndi A Fable (1954) ndi mabuku amene kalembedwe kakuyenda kokha, mwini wake atatsalira m'mbuyo.

Malilime a anthu ena

Pali mbali ina imene akatswiri a zinenero sayenera kuilumpha, ndiyo ya mmene olembawa anacitira ndi kalankhulidwe ka anthu osakhala a mtundu wao. Mu For Whom the Bell Tolls (1940) anthu ambiri akulankhula Cisipanishi, ndipo Hemingway anayesa kucimveketsa kudzera m'Cingelezi. Anatsata kamangidwe ka Cisipanishi liu ndi liu, ndipo pofuna kusiyanitsa kuitana kwa cizolowezi ndi kwa ulemu anafukula alowam'malo akale a m'Baibulo la King James, amene Cingelezi ca masiku onse cinawataya kale-kale. Zotsatira zake n'zakuti alimi ndi zigawenga za m'mapiri zimveka ngati aneneri. Vuto limeneli ndi la Cingelezi. M'Cinyanja "iwe" ndi "inu" akanalithetsa popanda phokoso.

Faulkner anali ndi khutu lakuthwa koposa. M'gawo lomaliza la The Sound and the Fury, pa Sabata la Pasaka la 8 Epulo 1928, mlaliki wocokera ku St. Louis, Mbusa Shegog, ayamba ulaliki wake m'Cingelezi ca azungu ophunzira, mpingo ukungomuonerera. Kenaka asinthira ku kalankhulidwe ka anthu akuda a kum'mwera, ndipo pamenepo mpingo uyamba kuyankha. Ndi cithunzi ca kusintha cinenero pakati pa kulankhula cimene cinalembedwa zaka zambiri akatswiri asanayambe kufufuza khalidweli mwadongosolo. Komabe tiyenera kuona malire ake. Ana atatu aamuna a banja la Compson apatsidwa aliyense gawo lake losimba m'mau ake, ngakhale Benjy wosalankhula uja. Dilsey, mai wakuda amene wasenza banja lonselo, aonedwa kucokera kunja. Ndipo Faulkner yemweyo mu 1956 analangiza omenyera ufulu wa anthu akuda kuti ayende pang'ono-pang'ono, zimene James Baldwin anaziyankha mwaukali caka comweco.

Hemingway anafika ku Africa, ku Kenya ndi Tanganyika, mu 1933 ndi 1934, ndipo ulendowo unabala Green Hills of Africa (1935) ndi nthano ziwiri zochuka za 1936. Mu imodzi mwa izo, "The Short Happy Life of Francis Macomber", wosimba nkhani amene kawiri-kawiri amaumira kulowa m'mitima ya anthu alowa m'mutu mwa mkango wolasidwa, natiuza zimene ukumva. M'mitu mwa Aafrika onyamula mfuti, amene aona zonse, salowamo. Toni Morrison, m'buku la Playing in the Dark (1992), anaonetsa cinthu cofanana mu To Have and Have Not (1937): pamene munthu wakuda wa m'bwato ndiye woyamba kuona nsomba, Hemingway amanga ciganizo copotoka, cakuti wosimba anaona kuti mnzakeyo waona, m'malo mongolola munthuyo kufuula. Mlembi wodziwika ndi ciganizo coongoka analolera kucikhotetsa kuti munthu wina asalankhule. Kusiya zinthu, tsono, sikukhala luso nthawi zonse. Tiyenera kufunsa kuti casiyidwa n'ciani ndipo wasiyidwa ndani.

Mmene mbiri inawaweruzira

Kwa zaka pafupi-fupi 20 Hemingway ndiye anali patsogolo pa malonda ndi pa kuchuka. Faulkner ankapeza ndalama polemba mafilimu ku Hollywood kuyambira mu 1932, ndipo imodzi mwa nchito zake inali kukonza, pamodzi ndi Jules Furthman, filimu ya To Have and Have Not ya 1944, yocokera m'buku la mnzake yemweyo. Pofika mu 1945 mabuku ake pafupi-fupi onse anali atasowa m'masitolo a ku America, ngakhale kuti ku France ankalemekezedwa. Zinthu zinatembenuka mu 1946, pamene Cowley anatulutsa The Portable Faulkner, nasanja nthano zake motsata zaka kuti owerenga aone kuti zonse ndi mbiri imodzi ya boma lopeka la Yoknapatawpha. Mphotho ya Nobel ya 1949 inapita kwa Faulkner, amene anailandira mu 1950. Hemingway anailandira mu 1954, koma sanathe kupita ku Stockholm kamba ka mabala a ngozi ziwiri za ndege zimene anacita ku Uganda mu Januwale caka cimeneco. Anadzipha pa 2 Julayi 1961 ku Ketchum, Idaho. Faulkner anamwalira pa 6 Julayi 1962 ku Byhalia, Mississippi.

Otsanzira Hemingway anaculuka msanga, popeza kunja kwa kalembedwe kake n'kosavuta kukopa. Faulkner anapeza ana ake kutali, maka-maka pakati pa olemba a maiko okhala ndi mbiri ya kugonjetsedwa ndi ya minda ya akapolo. Gabriel García Márquez wa ku Colombia anam'chula mphunzitsi wake polandira Nobel mu 1982. Koma caka ca 1981 anali atalemba kuti ngakhale Faulkner ndiye anakhudza mzimu wake, Hemingway ndiye anam'phunzitsa nchito ya manja, pakuti tsamba la Faulkner ukalimasula sungalibwezerenso, pamene la Hemingway misomali yake ili poonekera.

Awiriwo sanaleke kuponyerana mau mpaka imfa. A. E. Hotchner, m'buku la Papa Hemingway (1966), asimba kuti Hemingway anafunsa monyoza ngati Faulkner akuganiza kuti zokhudza mtima zazikulu zimacokera m'mau akulu. Koma mu 1952, pamene The Old Man and the Sea inatuluka m'magazini ya Life, imene inagulidwa makope oposa 5 miliyoni m'masiku awiri, Faulkner analemba ndemanga yake m'kamagazini kakang'ono ka Shenandoah, ka ku Washington and Lee University. Anati bukuli ndilo lopambana mwa onse a Hemingway, ndipo mwina nthawi idzaonetsa kuti lipambana ciliconse colembedwa ndi m'badwo wao wonse. Cifukwa cake, anatero, n'cakuti kale anthu a Hemingway ankadziumba okha ndi dothi lao-lao, koma tsopano mlembiyo wapeza cifundo, wapezanso Mlengi amene anapanga nkhalambayo, nsomba ija ndi nsomba zolusa zimene zinaidya. Ndemanga yonseyo ndi ndime imodzi, ndipo ciganizo cake coyamba cili ndi mau awiri okha.